Dzanja Likalowa M'makina, Woyankha Mlandu Ndani?

Munthu akapanidwa dzanja ndi makina pantchito, funso loyamba kumveka pakhomo pa fakitale kapena pachigayo limakhala lakuti, "Nanga iyeyo amapisiranji dzanja mmenemo?" Amafunsa kapitawo, amafunsa anzake, ndipo nthawi zina ngakhale wovulalayo, ali chigonere m'chipatala cha boma ku Mangochi, amadzifunsa zomwezo n'kudziweruza yekha. Yankho likangomveka loti anali wosasamala, nkhani imathera pomwepo. Bwana amapereka ya mayendedwe ndi kachipepeso, pamalo paja pamalowa munthu wina, makina n'kumalira ngati kale. Komatu malamulo a dziko lino sayambira pamenepo. Amayamba ndi kufunsa kuti zinatheka bwanji kuti dzanja la munthu lifike pamalo oluma makina ali mkati moyenda. Woyenera kuyankha funso limeneli ndi mwini makina, ndipo wantchito aliyense amene amadyera pafupi ndi lamba kapena chitsulo chozungulira ayenera kudziwa zimenezi ngozi isanachitike, chifukwa ikachitika pamakhala ululu ndi mantha, ndipo munthu amavomera chilichonse chimene wauzidwa.

Ambiri tikamva za mafakitale timaganiza za ku Makata ndi Chirimba ku Blantyre, kapena ku Kanengo ku Lilongwe, ngati kuti kunyanja kuno ngozi ndi ya bwato ndi mwera basi. Koma tayendani kuchokera ku Liwonde, kudutsa pa Ulongwe mpaka pa boma la Mangochi, mukwere ku Namwera kapena mutsike ku Makawa ndi ku Monkey Bay, muone ngati pali malo amalonda opanda chigayo. M'makina opunthira mpunga ambiri muli marola awiri a labala amene amapanikiza mpunga kuti usendeke. M'mabekale muli marola ofutukula ufa wokanda. Kuli makina ofinya mafuta a mtedza ndi mpendadzuwa, kuli fakitale ya simenti ku Njereza, ntchito ya nsomba ku Maldeco, ndi malo okonzera sitima ku Monkey Bay. Anyamata ambiri a kuno amakagwiranso ntchito yanyengo kumakina ochotsa njere za thonje ku Balaka, kapena kumafakitale a shuga ku Salima, ku Dwangwa ndi ku Nchalo, kumene nzimbe zimafinyidwa pakati pa marola achitsulo aakulu kuposa munthu. Kutchula malo amenewa si kuwaneneza ayi. N'kungosonyeza kuti boma la Mangochi, limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 1.1 miliyoni, lili ndi manja ambirimbiri amene amatandala pafupi ndi zitsulo zozungulira tsiku ndi tsiku.

Kuti timvetse chifukwa chake lamulo limasenzetsa mwini makina udindo waukulu, tiyenera kuona kaye mmene makina amenewa amavulazira. Marola awiri akamazungulira moyang'anizana, pamene akumanirana pamakhala kampata kamene ntchito yake n'kukoka chilichonse cholowa. Kampata kotere kamapezekanso pamene lamba akukwera pa gudumu la injini, pamene tcheni chikulumana ndi mano a giya, ndi pansi pa lamba wonyamula katundu. Mpeni umadula n'kukusiya, koma rola sachita choncho. Amagwira ngati ng'ona ya mu Shire: akangopeza nsonga ya chala amakoka, ndipo chala chimaitana chikhatho, chikhatho n'kuitana mkono. Tiyerekeze kuti rola akukoka mita imodzi pa sekondi, limene si liwiro lodabwitsa pa makina. Munthu wamaso, wosatopa, amatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti thupi lake liyankhe pa chinthu chodzidzimutsa. Pa nthawi imeneyo makina akhala atameza kale masentimita 25, kutanthauza kuti kuchokera kunsonga ya chala mpaka kupitirira pamfundo ya dzanja. Palibe luso, palibe zaka za pantchito, palibe chenjezo lolembedwa pakhoma limene lingapose liwiro limeneli. Ndipo bala lake limakhala loipa kuposa mmene likuonekera kunja: mafupa amaphwanyika, khungu limasendeka n'kuvuka lonse, marola akamaterereka pamnofu amawotcha, ndipo mkono umene ukuoneka ngati wapulumuka umatha kutupira mkati mpaka magazi kuleka kuyenda, dokotala n'kukakamizika kuudula patapita masiku.

Onaninso nthawi imene ngozi zotere zimakonda kugwa. Sizigwa kawirikawiri makina akuyenda bwinobwino. Zimagwa pamene china chake chatsamira, mpunga wadzadzana pakhosi pa makina, lamba wayamba kuterereka ndipo wina akumuthira phula akuzungulira, kapena pamene munthu akupukuta rola ndi kansalu makina osazimitsa, chifukwa kuzimitsa kuchedwetsa mzere wa makasitomala. Kansaluko kakakodwa, dzanja limatsatira. Magolovesi, amene pa ntchito zina ndi chitetezo chenicheni, pa marola amasanduka nyambo, chifukwa rola amagwira golovesi mosavuta kuposa khungu. Chimodzimodzi chitenje, mpango wakumutu, mkanjo, kapena manja a ovolosi osamanga mabatani. Ndiye pali ngozi ina imene aliyense wodalira magetsi a ESCOM akuidziwa: magetsi azima, makina aima, munthu n'kunena kuti mpata wochotsa zotsamira ndi uno, n'kupisa dzanja swichi isanazimitsidwe, magetsi aja n'kubwera mosagogoda. Zonsezi si zodabwitsa kwa aliyense amene ali ndi makina. Zimadziwika, zimabwerezabwereza, ndipo chinthu chimene chimadziwikiratu kuti chichitika, lamulo limati mwini ntchito achitchinge chisanachitike.

Gwero la ufulu umenewu ndi ndime 31 ya Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994, imene imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mafakitale. Ndime 13 ya lamuloli imaika pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake onse ali otetezeka: makina ndi kagwiridwe ka ntchito zikhale zosaika moyo pachiswe, ndipo antchito auzidwe za ngozi, aphunzitsidwe, aziyang'aniridwa. Lamulo lomweli limafuna kuti mbali zoopsa za makina zitchingidwe, kuti zovala zodzitetezera ziperekedwe ndi wolemba ntchito pamene zikufunika, kuti pakhale zipangizo zothandizira wovulala msangamsanga, ndiponso kuti ngozi zinenedwe kwa mkulu woona za chitetezo cha pantchito ku Unduna wa Zantchito. Mfundo yotchinga makinayi si yachilendo. Ku Britain inalowa m'malamulo mu 1844, mafakitale a nsalu atatha zala ndi mikono ya amayi ndi ana. Mu 1955, pa mlandu wa John Summers and Sons ndi Frost, wa munthu amene anavulala chala pa gudumu lonolera zitsulo, bwalo lalikulu kwambiri la dziko limenelo linagamula kuti udindo wotchinga makina sutha ngakhale kutchingako kutachititsa kuti makinawo asagwirike ntchito. Makhoti athu amawerenga zigamulo za ku England pounika milandu yotere, ndipo nzeru yake ndi yosavuta kumva: chotchingira sichiikidwa chifukwa cha munthu amene ali tcheru, chimaikidwa chifukwa cha munthu yemweyo pa tsiku limene watopa.

Apa wolemba ntchito angadandaule, ndipo dandaulo lake si lopanda pake. Anganene kuti antchito ena amachotsa okha zivindikiro kuti ntchito ifulumire, ena amabwera ataledzera, ena uwauze kakhumi samva. N'zoona, ndipo lamulo silinawaiwale. Limalamula wantchito kudzisamala yekha ndi kusamala anzake, kugwirizana ndi wolemba ntchito pa za chitetezo, ndi kusasokoneza zinthu zoikidwa kuti zimuteteze. Wochotsa chivindikiro dala walakwira lamulo, ndipo akhoza kulangidwa pantchito. Koma tifunsenso kuti chivindikirocho chinachotsedwa liti, ndipo ndani anaona. Ngati chakhala chili pakona mwezi wathunthu, kapitawo n'kumadutsa pomwepo m'mawa uliwonse osanena kanthu, ndiye kuti kugwira ntchito popanda chotchingira kwasanduka dongosolo la pamalopo, ndipo dongosolo ndi la bwana. Ngati munthu amalipidwa potengera matumba amene wagaya, ndiye kuti amene anakonza malipirowo ndi amene akumuuza mwakachetechete kuti asazimitse makina. Ngati wagwira usiku wonse nyengo yokolola, pamene lamulo la Employment Act la 2000 limati maola wamba a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kusinza kwake sikunachokere kumwamba. Chimene timachitcha kusasamala kwa wantchito nthawi zambiri chimakhala kumapeto kwa mndandanda wa zosankha za anthu ena, amene manja awo sayandikira rola.

Ndipo ngakhale zitapezeka kuti wantchitoyo analakwitsadi, chipukuta misozi sichifa. Iyi ndiyo mfundo imene anthu ambiri saidziwa, ndipo kusaidziwa kumawatayitsa ndalama zambiri. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 silifunsa kuti wolakwa ndani. Limangofunsa ngati kuvulalako kwachitika pantchito ndiponso chifukwa cha ntchitoyo. Njira imeneyi inayambira ku Germany mu 1884 ndipo Britain inatsatira mu 1897, ataona kuti munthu wosauka wopanda mkono sangalimbane ndi mwini fakitale m'khoti kwa zaka. Anati kuvulala kwa antchito kuwerengedwe ngati gawo la mtengo woyendetsera bizinesi, monga mmene amawerengera dizilo ndi mabering'i. Zifukwa zimene wolemba ntchito angakanire kulipira ndi zochepa: ngati kuvulalako sikunamulepheretse munthu kugwira ntchito kwa masiku okwana 7, ngati anadzivulaza dala, kapena ngati zatsimikizika kuti kwadza chifukwa cha kuswa malamulo kwakukulu ndi kwadala. Kuiwala, kutopa, kufulumira kapena kuterereka si kuswa malamulo kwadala. Munthu amene wapisa dzanja kuti achotse chotsamira amakhala akuyesetsa kuti ntchito ya bwana wake iyende.

Ndalama zake sizitengera chifundo cha bwana, zili ndi masamu ake m'lamulo. Munthu akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito ina iliyonse, chipukuta misozi chake ndi malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 54. Akamwalira, amene amadalira iye amalandira malipiro a pamwezi kuchulukitsa ka 42. Akataya mbali ya thupi, monga zala kapena dzanja, amalandira gawo la ndalama za miyezi 54 zija, molingana ndi kukula kwa chilemacho, kumene kumayezedwa ndi dokotala potsatira mndandanda umene uli m'lamulo momwemo. Tingoyerekeza munthu wolandira K150,000 pa mwezi. Kulumala kotheratu kungakhale K8,100,000, ndipo ngati chilema chake chayezedwa kuti ndi 40 pa 100 alionse, ayenera kulandira K3,240,000. Pamwamba pa izi wolemba ntchito ayenera kulipira zakuchipatala, ndipo lamulo limanenanso za malipiro a nthawi imene munthu akuchira. Tsono yerekezani ndi envulopu imene imabwera kuchipatala pamodzi ndi shuga ndi buledi. Chipepeso ndi mwambo wabwino, ndipo bwana amene amakazonda wantchito wake achita umunthu. Koma chipepeso ndi mphatso, pamene chipukuta misozi ndi ngongole, ndipo kulandira choyambacho sikuyenera kutseka pakamwa pa chachiwiricho. Choopsa ndi kapepala kamene kamatsagana ndi envulopuyo, konena kuti nkhani yatha. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala lililonse lotere musanakalionetse ku ofesi ya zantchito, imene ambiri timangoti ku Leba.

Ufulu umenewu umapulumuka kapena kutayika m'masiku oyambirira. Pa ngozi penipeni, choyamba n'kuzimitsa makina pa swichi yaikulu, osati kukoka munthu makina akuyenda. Pabala pamangidwe nsalu yoyera mwamphamvu kuti magazi aleke, osathirapo oyilo, dothi kapena mankhwala azitsamba. Ngati chala chaduka, chikulungidwe m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikidwe m'pulasitiki womanga bwino, kenako pulasitikiyo aikidwe pa ayezi, chalacho chisakhudzane ndi ayeziyo. Kunyanja kuno ayezi sasowa chifukwa cha malonda a nsomba. Wovulala apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale dzanja likuoneka lamphumphu, kaya ndi pa boma, ku Monkey Bay kapena ku St Martin's ku Malindi, ndipo akatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre asazengereze. Kuchipatalako anene zoona kuti wavulala ndi makina kuntchito, ndipo zilembedwe choncho m'buku lake la kuchipatala. Alipo amene amanyengereredwa kunena kuti anagwa pa njinga kuti asaike bwana m'mavuto, ndipo bodza limenelo limadzawatsata pa tsiku loyeza chilema. Wachibale ajambule makinawo pa foni asanawakonze, chifukwa chivindikiro chimene chinasowa kwa miyezi chimapezeka msanga ngozi ikachitika. Asunge malisiti onse ndi mayina a amene anaona. Wolemba ntchito ali ndi masiku 21 oti anene za ngoziyo, koma musadikire kuti mumve ngati wanena: pitani nokha ku Leba pa boma, kapena tumani wachibale. Pempho la chipukuta misozi liyenera kuperekedwa miyezi 12 isanathe kuchokera tsiku la ngozi, ndipo malonjezo a pakamwa akuti "tikuona mwezi wamawa" saimitsa kalendala.

Palinso njira yachiwiri. Ngati kuvulala kwadza chifukwa cha kunyalanyaza kwa wolemba ntchito, monga makina opanda chotchingira kapena munthu woikidwa pa makina osaphunzitsidwa, lamulo la chipukuta misozi silimuletsa wovulala kukasuma ku khoti. Kumeneko woweruza amawerengera zinthu zimene masamu a miyezi 54 saziona: ululu, kupunduka kwa maonekedwe, zinthu zimene munthu sangathenso kuchita, ndi ndalama zimene akanapeza m'zaka zakutsogolo. Njira imeneyi ndi yotalika ndipo imafuna umboni. Khoti likapeza kuti wantchito nayenso anali ndi gawo pa ngoziyo limachepetsa ndalamazo molingana ndi gawo lakelo, ndipo munthu salipidwa kawiri pa bala limodzi, choncho zimene analandira kale zimaganiziridwa. Mlandu wotere uyenera kuyamba zaka 3 zisanathe. Amene sangakwanitse loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osowa pa milandu. Chenjerani ndi anthu oyendayenda m'mawodi a chipatala n'kumalonjeza mamiliyoni. Loya weniweni ali ndi ofesi ndi chiphaso, ndipo mgwirizano wa malipiro ake uyenera kulembedwa, inu n'kusunga pepala lanu.

Chitsutso chimene chimamveka kwambiri m'zigayo ndi m'mashedi n'chakuti munthuyo anali waganyu chabe, analibe kalata ya ntchito. Koma lamulo la zantchito limazindikira mgwirizano wa pakamwa monga limazindikirira wolembedwa. Munthu amene amabwera m'mawa uliwonse, kuuzidwa chochita, kugwiritsa ntchito makina a mwini malo, n'kumalipidwa pa sabata kapena pa mwezi, ali pa ntchito, kaya akumutchula dzina lanji. Kugaya ndiyo bizinesi ya chigayo, ndiye wogaya sangakhale mlendo wongodutsa. N'zoona kuti lamulo la chipukuta misozi lili ndi magulu amene silinawaphatikize, monga wachibale wa bwana wokhala naye nyumba imodzi, koma wogamula ngati munthu ali m'gulu lotere ndi a ku Leba kapena khoti, osati amene akuyenera kulipirayo. Ndipo udindo wotchinga makina sufunsa n'komwe za kalata, chifukwa lamba wosatchinga amakoka chitenje cha mayi wodzagayitsa mofanana ndi malaya a wantchito. Pa ana lamulo ndi lolimba kwambiri: wosakwana zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 saloledwa kugwira ntchito yoika thanzi ndi chitetezo chake pangozi. Kamnyamata kothira mpunga m'makina potuluka kusukulu kapena ku madrasa kali pamalo pamene lamulo likukana, ngakhale makolo ake atavomera.

Eni makina ang'onoang'ono ali ndi dandaulo limene ine ndimalimvetsa kuposa ena onse. Amati malamulo amenewa analembedwera makampani akuluakulu, pamene iwo anagula makina akale ndi ndalama za ku Joni kapena za ngongole, makinawo anabwera opanda zivindikiro, ndipo phindu lake limathera ku magetsi ndi dizilo. Chipukuta misozi cha mamiliyoni chikhoza kutseketsa chigayo, mudzi wonse n'kumayenda mtunda wautali kukagayitsa. Dandaulo limeneli ndi loona, koma likuloza kwina, osati kumene eni ake akufuna. Ngati ngozi imodzi ingagwetse bizinesi, ndiye kuti wamng'onoyo ndi amene ayenera kutchinga makina ake kuposa wamkulu. Ndipo kutchinga sikufuna katswiri wochokera kunja. Wowotcherera aliyense wa pa msika akhoza kupanga khola la waya ndi zitsulo zotsala lophimba lamba ndi magudumu ake. Swichi yozimitsira ikhoza kusunthidwa kuti ikhale pamene wogwira ntchito angaifikire ndi dzanja lililonse. Loko wa pa geti akhoza kutsekera swichi yaikulu pamene munthu akukonza makina, kiyi ali m'thumba mwa wokonzayo, kuti magetsi akabwera kapena mnzake akalowa asayatse. Kamtengo kokankhira kakhoza kulowa pamene dzanja limalowa. Zonsezi pamodzi sizifika ngakhale pa kachigawo ka K3,240,000 ija. Makampani a inshuwalansi amagulitsanso chitetezo cha ngozi za antchito, ndipo mwini makina wanzeru amafunsa mtengo wake.

Pali maganizo ena amene satchulidwa ku ofesi koma amalamulira m'mudzi. Ena amati ngozi ndi zolembedwa, tsiku likakwana lakwana. Ena amanong'onezana kuti chigayo sichiyenda popanda kukhwima, ndipo dzanja lija ladyedwa kuti bizinesi ikule. Sindikufuna kunyoza chikhulupiriro cha munthu, koma taonani amene amapindula ndi mafotokozedwe awiriwa. Onse amachotsa maso athu pa lamba wosaphimba. Woyambayo amatonthoza banja kuti lisafunse kanthu. Wachiwiriyo amakwiyitsa anthu mpaka kufuna kugenda kapena kuwotcha, zimene zimangobala mlandu wina, wovulala uja osapeza ngakhale tambala. Palibe shehe kapena m'busa amene amaphunzitsa kuti kukhulupirira Mulungu ndiko kusiya chitsime chosavindikira pabwalo la ana. Mfumu ikaitanidwa pa nkhani yotere ingathandize kwambiri potumiza mbali zonse ziwiri ku Leba, m'malo mogamula mbuzi kapena ndalama pang'ono pa chilema cha moyo wonse.

Chotsala ndi mantha, ndipo mantha amenewa ali ndi maziko. Ntchito ndi yosowa, ndipo pakhomo pa fakitale iliyonse pali anthu odikira malo. Wodandaula za makina amaopa kuuzidwa kuti mawa asabwere. Komabe ndime 57 ya Employment Act imanena momveka kuti pali zinthu zimene si zifukwa zochotsera munthu ntchito, ndipo zina mwa izo ndi kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala, kuchoka pamalo pamene munthu ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti moyo kapena thanzi lake lili pangozi, ndi kukadandaula za wolemba ntchito. Wochotsedwa pa zifukwa zotere ali ndi miyezi 3 yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa pa boma, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku Industrial Relations Court, bwalo limene linakhazikitsidwa ndi Malamulo Aakulu a dziko lino ndipo limayendera lamulo la Labour Relations Act la 1996. Mu 2019 dziko la Malawi linavomereza mapangano a ILO, bungwe la zantchito la padziko lonse, a nambala 155, 184 ndi 187, onse okhudza chitetezo cha pantchito, ndipo mu 2022 bungweli linaika malo a ntchito otetezeka m'gulu la maufulu oyambirira a wantchito aliyense. Pepala lokha silimuteteza munthu mmodzi woima yekha pamaso pa bwana. N'chifukwa chake ndime 31 ya Malamulo Aakulu ija imaperekanso ufulu wolowa m'mabungwe a antchito, ndipo lamulo la 1997 limafuna komiti ya chitetezo pamalo pamene pali antchito oposa 50. Anthu khumi akakana limodzi kuyatsa makina opanda chivindikiro, kuwachotsa onse kumadula kuposa kuitana wowotcherera.

Anyamata opita ku Joni adziwenso kuti South Africa ili ndi lamulo lake la chipukuta misozi la 1993, ndipo kumeneko ndalama zimachokera ku thumba limene olemba ntchito amasonkhamo. Kusiyana kumeneku kukuonetsa bala lalikulu la dongosolo lathu. Lamulo lathu la 2000 linakonzanso zoti pakhale thumba lotere, kuti wovulala asamadalire mtima kapena mthumba mwa bwana mmodzi, koma kwa zaka zambiri thumbalo linangokhala papepala, ndipo munthu amene bwana wake wagwa pa chuma kapena watseka bizinesi amatsala ndi chigamulo m'manja popanda ndalama. Oyendera malo a ntchito nawo ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa dziko, ndipo woyendera wochokera mumzinda sangafike kawirikawiri ku Makanjira kapena ku Katuli. Izi ndi zoyenera kufunsa phungu ndi khansala akabwera kudzachititsa msonkhano: thumba la chipukuta misozi lafika pati, ofesi ya Leba ya pa boma ili ndi galimoto kapena njinga yamoto yoyendera, ndipo khonsolo ikamapereka chiphaso cha malonda kwa mwini chigayo, pali amene amakaona kaye ngati lamba wake ndi wophimbidwa?